Chovala ndi gule wa awiriawiri ku Mulanje

Ku Mulanje mavinidwe alipo a mitundu iwiri, ndipo onse amapezeka m'mudzi umodzi. Pali gule wa pabwalo, pomwe anthu ambiri amazungulira ng'oma zikulira, aliyense akuonetsa luso lake pamaso pa gulu. Palinso gule wa awiriawiri, yemwe akuluakulu amamutcha dansi: mwamuna ndi mkazi amagwirana manja, kapena dzanja la wina limakhala pamsana pa mnzake, ndipo phazi la mmodzi likasuntha, la winayo liyenera kudziwa kolowera. Mayi yemwe wavina jiri ku Chonde mu Okutobala akhoza kukhala yemweyo woperekeza mkwatibwi ku Chitakale mu Disembala. Chovala chomwe chidamukometsera gule pabwalo chikhoza kumumanga miyendo mu holo.

Ambirife posankha chovala cha pachisangalalo timangoganiza za maso a anthu. Komatu povina awiri, chovala chimalamula kutalika kwa sitepe, kuyandikana kwa matupi, komanso yemwe alowe m'bwalo ndi yemwe atsalire pampando. Ndipo pali chimodzi chomwe chimasiyanitsa gule ameneyu ndi magule ena onse: chomwe wavala iwe, wochimva m'manja mwake ndi mnzako.

Pabwalo, chovala ndi cha oonerera

Tiyambe ndi tchopa, gule wa Alhomwe yemwe bungwe la UNESCO lidamuika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse mu 2014. Amavinidwa pothokoza zokolola zikachuluka kapena alenje akabwera ndi nyama, komanso popereka nsembe kwa mizimu ya makolo kukagwa chilala kapena mliri. Ng'oma zake ndi zitatu zosiyana kukula, ndipo ovina, omwe amatha kukwana 20 kapena 30, amazungulira akupingasana. Ena amavala zikopa za nyama ndi nthenga kumutu, ena amabereka katundu kumsana: makasu, zida za ulenje, zidole, ziwiya zakale za kukhitchini. Munthu wovala chotere amafuna malo. Sungamuyandikire n'kumugwira m'chiuno, ndipo gule wakeyo safuna zimenezo. Chovala chake chikufotokoza za kulima, za kusaka ndi za makolo, ndipo chikufotokozera anthu omwe aima m'mbali mwa bwalo.

Magule a amayi monga jiri ndi likwata ali ndi nzeru yawoyawo ya kavalidwe. Aliyense amene adafikako ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, womwe wakhala ukuchitikira ku Chonde chiyambire 2008, adaona momwe chitenje chimamangidwira molimba, kenako nsalu ina n'kupindidwa ndi kumangidwa m'chiuno pamwamba pake, kuti chiuno chikangogwedezeka pang'ono, ngakhale wakutali aone. Maseche m'miyendo amachititsa kuti phazi liziimba nawo. Mphamvu ya magule amenewa ili m'chiuno, m'mapewa ndi m'kaponderedwe ka phazi pa dothi, ndipo masitepe ake ndi aafupiafupi. N'chifukwa chake chitenje sichisokoneza kanthu. Ngakhale awiri atalowa pakati pa bwalo, amayang'anizana, kusenderana, n'kubwerera, koma mpata umatsala pakati pawo. Kavalidwe ka pabwalo kadakula popanda kuganizira dzanja la munthu wina pathupi.

Dansi idabwera itavala suti

Tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891, pomwe Henry Brown adadzala mbewu zake pa esiteti ya Thornwood. Minda itakula, Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique adadzagwira ntchito m'menemo, ochuluka a iwo pa thangata. Azungu eni minda adali ndi makalabu awo ku Mulanje ndi ku Thyolo, komwe munthu wakuda ankalowa pokhapokha ali wantchito. Ophika, operekera zakumwa ndi ochapa zovala ndiwo adayamba kuona pafupi mwamuna ndi mkazi akuzungulira atagwirana pamalo osalala, ndipo ankadziwa bwino kuti usiku wa dansi usadafike pamakhala ntchito yosita malaya ndi kupukuta nsapato.

Njira yaikulu kuposa imeneyi idali ya kuulendo. Anyamata omwe ankapita ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya Northern Rhodesia ndi ku Joni kudzera ku Wenela adakapeza akuda anzawo ali ndi maholo awoawo ovinira. Ku Johannesburg kudali Bantu Men's Social Centre, yomwe idatsegulidwa mu 1924, komwe kunkachitika madansi ndi mipikisano yake. Ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, katswiri wofufuza za chikhalidwe Godfrey Wilson adalemba cha m'ma 1940 za makalabu a dansi a anthu ogwira ntchito m'tauniyo, ndipo adapeza kuti gawo lalikulu la malipiro awo linkathera pa zovala. Obwerera kumudzi ankatsika ndi sutikesi ya suti, chipewa ndi nsapato zachikopa, ena atanyamulanso galamafoni.

Nyimbo zidatsata njira yomweyo. Kwela ndi simanjemanje za ku South Africa zidakhazikika kuno kummwera, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adaziimba pamodzi ndi sinjonjo ndi sabasaba. Rumba ya ku Congo idafika pa wailesi ndi pa mbale. Masiku ano pasada ndi kizomba zimaoloka pa Muloza pamodzi ndi amalonda a ku Milange. Kizomba idabadwira ku Angola m'zaka za m'ma 1980, ndipo imavinidwa zifuwa zitayandikana, masitepe ang'onoang'ono, mwamuna akutsogolera ndi thupi.

Chofunika kuona pa mbiri imeneyi n'chakuti dansi idafika pamodzi ndi chovala chake. Pabwalo la tchopa wopanda nsapato ndi mwini gule. Mu holo ya dansi wopanda nsapato ankaonerera pawindo.

Ngakhale kwawo komwe dansi idachokera, gule ndi chovala zakhala zikukokana. Waltz itavinidwa kunyumba yachifumu ku London mu 1816, nyuzipepala ya The Times idaidzudzula chifukwa cha kuyandikana kwa matupi. Tango itatchuka ku Paris ndi ku London cha m'ma 1913, masiketi othina a nthawiyo adayamba kusokedwa ong'ambika kutsogolo kuti mwendo utambasuke. Charleston ya m'ma 1920 idayendera limodzi ndi madiresi aafupi, ndipo ku Savoy Ballroom ya ku Harlem, yomwe idatsegulidwa mu 1926, ovina Lindy Hop ankafuna siketi yotambalala ndi nsapato zafulati chifukwa cha liwiro la gule wawo. Kulikonse, gule watsopano akabwera, telala amasintha kadulidwe.

Zaka 20 za lamulo la kavalidwe

Kuno kwathu boma lidalowererapo. Mu 1973, pa ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo pagulu, kupatula pa masewero ndi m'malo ena ochezera alendo. Amuna nawo ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulo la kavalidweli lidathetsedwa mu 1993, chaka cha referendamu.

Kwa zaka 20 zimenezo, mkazi wa ku Mulanje wovina dansi ankavina mu diresi lopitirira mawondo kapena m'chitenje. Chithunzi cha mkazi wovina chomwe dziko linkachilemekeza chidali cha mbumba, amayi ambirimbiri ovala zitenje zofanana zokhala ndi nkhope ya Kamuzu, akuvina pagulu. Mkazi wovina atagwirana ndi mwamuna ankaganiziridwa za kubala. Lamulo lidatha, koma maganizo ake adakali m'mitu ya anthu ambiri, ndipo mtsikana akamasankha chovala chokavinira amaganizirabe zomwe azakhali ake akanene.

Chitenje ndi kutalika kwa sitepe

Chitenje cha mamita awiri chikazungulizidwa m'chiuno, chimasiya mpata wochepa kumiyendo. Pa waltz ndi magule ofanana nayo, mkazi nthawi zambiri amayenda chambuyo ndi sitepe yaitali yochokera m'chiuno, ndipo phazi la mwamuna limalowa pomwe pachoka lake. Nsalu ikaletsa mwendo wa mkazi kufika komwe uyenera, mwamuna amamuponda kapena amayamba kudodoma. Awiriwo amatsika m'bwalo akunenana kuti winayo sadziwa kuvina, chonsecho wolakwa ndi mpendero wa nsalu.

Vuto lachiwiri ndi la kamangidwe. Chitenje chimangopisiridwa m'chiuno, pomwe dzanja la mwamuna limadutsa pomuzunguza mnzake. Mkazi akangomva kuti chikumasuka, dzanja lake limodzi limathamangira kukachigwira, ndipo mtima wake umachoka pa nyimbo. Gule wa awiri amayendera m'manja. Dzanja limodzi likachoka, uthenga wa mwamuna wakuti tikhotere uku sufikanso. Pa pasada ndi kizomba, pomwe masitepe ndi aafupi, chitenje chimaloleza bwino, bola chimangidwe ndi kalamba kapena kachingwe mkati. Nsalu yomweyo ikasokedwa kukhala siketi yotambalala kumunsi, kapena yokhala ndi mpata wobisika m'mapindo kumbuyo, imavina gule aliyense.

Malo omwe anthu a ku Mulanje amavina awiriawiri kwambiri lero ndi paukwati. Operekeza akwati amalowa mu holo awiriawiri ndi masitepe omwe akhala akuphunzira kwa milungu ingapo. Pophunzira amakhala atavala mabuluku, masiketi omasuka ndi masilipasi. Madiresi amachoka kwa telala Lachisanu madzulo, ndipo kawirikawiri amakhala aja othina mpaka m'mawondo, otambalala kumunsi. Loweruka masana atsikana amazindikira kuti bondo silikupindika, sitepe yodumpha ija siitheka, ndipo anyamata omwe akuvina nawo ayenera kufupikitsa chilichonse nthawi yomweyo anthu akuona. Akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku limodzi lokha lophunzira masitepe atavala zovala zenizeni, nsapato zomwe, likadaonetsa pofunika kumasula ulusi nthawi ikadalipo.

Mkwatibwi nayenso ali ndi lake. Diresi lokhala ndi mchira wautali limakongola poyenda m'tchalitchi, koma pa gule woyamba wa akwati ndiponso pa perekaniperekani, pomwe amaima ndi kuvina kwa maola, mkwati ndi abale amangoliponda. Kabatani kokolekera mchirawo m'chiuno, kapena kachingwe kolowetsa padzanja, ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa telala.

Jekete la mwamuna

Nkhani ya kavalidwe imakonda kugwera amayi okha, koma jekete la mwamuna limaononga gule mofanana. Majekete ambiri omwe timagula pa kaunjika ku Limbuli, ku Chitakale kapena ku Chinakanaka adasokedwera munthu woima manja ali pansi kapena wokhala pa desiki. Kukhwapa kwake n'kotsika. Mwamuna akakweza zigongono kuti agwire mnzake, jekete lonse limakwera, mapewa ake n'kufika m'makutu, batani n'kukoka pamimba. Ovina mipikisano ya ku Blackpool ku England, yomwe idayamba mu 1920, amasoketsa majekete odulidwa mokwera kukhwapa, oyezedwa munthu atakweza kale manja, kuti mapewa akhale pansi povina.

Izi zimakhudza mkazi mwachindunji. Dzanja lake lamanzere limakhala pamkono wa mwamuna chakuphewa, ndipo m'menemo ndimo amamvera kuti thupi la mnzake likutembenukira kuti. Phewa la jekete likakhala ndi thonje lochindikala, kapena jeketelo likakhala lalikulu moti munthu akutembenuka mkati mwake nsalu osasuntha, mkazi amamva mochedwa. Jekete losamanga batani nalo limauluka pozungulira n'kukola dzanja la mnzako. Wesikoti yokwana bwino, kapena malaya a chitenje osokedwa momasuka m'mapewa, amavinitsa bwino kuposa suti yobwereka.

Nsapato ndi pomwe ukuponda

Palibe chovala chokhudza thupi la wovina kuposa nsapato, ndipo ubwino wa nsapato umadalira pomwe ikuponda. Ku Mulanje timavinira pa simenti yokhakhala ya m'kalasi, pa simenti yopaka polishi, pa matailosi a m'maholo atsopano, pa kapinga wa m'malo ochitira maukwati a panja, ndi pa dothi la pakhomo.

Potembenuka, phazi liyenera kuzungulira pamodzi ndi thupi. Nsapato ya mphira imagwira simenti yokhakhala, ndiye thupi likatembenuka phazi n'kutsalira, bondo ndilo limapotokola. Mwamuna wozunguza mkazi wovala nsapato zotere mwamphamvu akhoza kumupweteka osadziwa. Nsapato yachikopa pansi imatembenuka bwino, koma pa matailosi kapena pa polishi watsopano imaterera, makamaka pakatayikira chakumwa. Akatswiri a dansi amavala nsapato za chikopa chofewa chaubweyaubweya kunsi kwake, chomwe chimagwira pang'ono ndi kuterera pang'ono.

Gogoda ali ndi ubwino wake. Amakankhira kulemera kwa thupi kutsogolo kwa phazi, ndipo pa kizomba kapena tango zimenezi zimathandiza mkazi kukhala chosendamira kwa mnzake ndi kutembenuka mopepuka. Koma gogoda wosongoka amamira mu kapinga ndi m'dothi lonyowa, ndipo dera lamvula yambiri ngati Mulanje dothi lake silichedwa kufewa. Wopanda kalamba kogwira pakakolo amavuka poyenda chambuyo. Mtsikana amene sadazolowere gogoda amatsamira mwamuna kuti asagwe, ndipo mwamunayo amasiya kuvina n'kuyamba kunyamula munthu. Pakati pa phwando ambiri amavula n'kuvina chopanda nsapato. Pabwalo palibe vuto, koma pakati pa anthu ovala nsapato zolimba, chala chimaphwanyika. Mwamuna wovala nsapato zazitali zosongoka kutsogolo adziwenso kuti phazi lake latalika kuposa momwe adalizolowerera.

Nyengo, thukuta ndi tinthu ting'onoting'ono

Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limapatsa dera lino nyengo ziwiri zosiyana kwambiri m'miyezi ya maukwati. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabweretsa mawawa ndi kuzizira, ndipo atsikana ovala madiresi opanda manja amalowa mu holo mapewa atauma. Mu Okutobala ndi Novembala, pansi pa denga lamalata pamatentha koopsa. Nsalu zonyezimira za nayiloni ndi poliyesitala, zomwe zimakondedwa pa maukwati chifukwa chotsika mtengo, sizimwa thukuta. Wovina yekha thukuta lake ndi lake. Wovina ndi mnzake amalipereka m'manja mwa wina, ndipo dzanja lonyowa pa nsalu yoterera limapulumuka pozunguza. Nsalu ya thonje, kabulauzi kapena vesiti ya mkati, kampango m'thumba ndi malaya achiwiri osinthira ndi ulemu kwa mnzako.

Tinthu tina timaoneka tochepa. Mphete yokhala ndi mwala imakanda chikhato. Wotchi ndi zibangili zimakola wigi kapena tsitsi loluka pomwe mkazi akudutsa pansi pa mkono. Chitsulo chachikulu cha lamba, foni ndi makiyi m'thumba lakutsogolo zimabaya mnzako pa gule woyandikana. Timikanda tosokerera padiresi timakoka ulusi wa jekete. Zonsezi munthu akadziyang'ana pagalasi sazimva, amazimva ndi yemwe wamugwira.

Ulemu ndi malire

Kuno kummwera, komwe mkamwini amakhala kwawo kwa mkazi ndipo amachita manyazi ndi apongozi ake, kugwirana pagulu si nkhani yopepuka. Paukwati pamakhala ankhoswe, akuluampingo, amayi a Mvano ndi makolo a mbali zonse. Diresi likakhala lotsegula msana wonse, dzanja la mnyamata limasowa pokhala, ndiye amagwira ndi nsonga za zala, nkhope atayang'ana kumbali, gule n'kuuma. Nsalu yophimba pomwe dzanja limakhala imamasula onse awiri. Siketi yomwe imakwera pozungulira imafuna andiloko kapena kabudula wamkati, kuti mwini wake avine mtima uli m'malo.

Koma apa tiyenera kunena momveka: chovala sichipereka chilolezo. Mu Januwale 2012 amayi adavulidwa ndi magulu a anyamata m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mabuluku ndi masiketi aafupi, patatha zaka pafupifupi 20 lamulo lija litathetsedwa. Amayi ambiri adasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, ndipo Joyce Banda, yemwe panthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adali nawo. Maganizo omwe adavula amayi aja ndi omwewo amapangitsa mwamuna mu holo kuganiza kuti diresi lothina likumuitana kuti atsitse dzanja. Mkazi akavomera kuvina, wavomera nyimbo imodziyo, pa mpata womwe iye akufuna. Buluku, lomwe anthu ena amalinyozabe, ndi chimodzi mwa zovala zomasula kwambiri povina ndipo silionetsa kanthu ngakhale munthu atazungulira chotani.

Ndalama ndi telala

Funso lomaliza ndi la thumba. Woperekeza ukwati nthawi zambiri amadzilipirira yekha nsalu, kusoketsa, nsapato ndi tsitsi. Kwa mtsikana wothyola tiyi kapena mnyamata wa kabaza, ndalama zimenezi zikhoza kudya malipiro a milungu ingapo, ndipo ambiri odziwa kuvina amakana kuperekeza mnzawo chifukwa cha zimenezi. Khomo lomwe lidatsekera agogo athu panja pa holo ya dansi likadalipo, langosintha maonekedwe. Komiti ya ukwati ikasankha chitenje chimodzi chotsika mtengo, chosokedwa mwa mtundu woti munthu adzavalenso kutchalitchi kapena kumsonkhano, imatsegulira anthu ambiri ndipo gule amakoma kuposa wa madiresi ovala tsiku limodzi.

Munthu yemwe angasinthe zambiri pa nkhaniyi ndi telala wa pakhonde la sitolo pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli. Iye amayeza munthu ataima chilili, manja ali pansi, pomwe chovalacho chikagwira ntchito munthu akuyenda chambuyo manja ali m'mwamba. Akadangofunsa kuti, "Achemwali, diresili mukavinira kapena mukangokhala pampando?" kadulidwe kakadasintha. Poyeza, auze kasitomala akweze manja, atambasule mwendo chambuyo, azungulire kamodzi, akhale pansi. Achimwene a jekete achitenso chimodzimodzi. Pamenepo ndi pomwe zimadziwika ngati kukhwapa kwatsika, ngati mpendero ukumanga, ngati zipi ipirira.

Makolo athu adadziwa kuvalira gule wa pabwalo, ndipo chilichonse chomwe wovina tchopa kapena jiri amavala chili ndi ntchito yake. Gule wa awiriawiri wakhala pakati pathu zaka zambiri, koma tikumuvalirabe ngati tikupita kukajambulitsa. Nzeru yomwe tikusowa si yakutali. Matelala, makomiti a maukwati, ophunzitsa masitepe ndi ovina eni ake aziyamba afunsa kuti chovalachi chimuchitira chiyani munthu yemwe adzachigwire, kenako n'kusankha mtundu ndi maluwa a nsalu.